Banki Yakutsekerani Khadi la Ngongole Pomwe Simunaphonyepo Kulipira? Chitani Izi

Funso ili landipeza kambirimbiri, ndipo limabwera ndi mawu amodzimodzi: "Sindinachedwepo kulipira ngakhale tsiku limodzi, nanga anditsekeranji khadi?" Ena amandiimbira mtima uli m'mwamba, ena amanditumizira chithunzi cha kalata ya banki pakati pa usiku. Ndaganiza zolemba kamodzi zonse zomwe ndimayankha, kuti wina akadzafunsanso ndidzangomulozera pano.

Inenso zinandionekera. Ndinali pa kauntala ya hotela, chikwama chili pansi, kumbuyo kwanga kuli mzere wa anthu. Mayi wolandira alendo analowetsa khadi langa m'kamakina kawiri, kachitatu anayamba walipukuta pa malaya ake, kenako anandibwezera atatsitsa mawu: "Pepani bambo, lakana." Khadi limenelo ndinali nditakhala nalo zaka 9, ndipo ngongole yake ndinkaimaliza mwezi ndi mwezi. Kalata yofotokoza inandipeza nditabwerera kunyumba. Inali ya ndime ziwiri zokha, ndipo chifukwa chake munalibemo. Manyazi a tsiku limenelo ndimawakumbukirabe, n'chifukwa chake aliyense wondifunsa nkhaniyi sindimuyankha mopepuka.

Chachikulu chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi: kutsekedwa kwa khadi pakokha sikupweteka kwambiri mbiri yanu ya ngongole. Chimene chimapweteka ndi zomwe munthu amachita, kapena kuleka kuchita, m'milungu yotsatira ali ndi mkwiyo.

Ndiyambe ndi mawu anayi omwe abwerezedwe pansipa. "Limiti" ndi malire a ndalama zomwe banki yalola kuti mukongole pa khadi. "Sitetimenti" ndi chikalata cha mwezi uliwonse chosonyeza zomwe mwagula ndi zomwe mwalipira. "Lipoti la ngongole" ndi mbiri yanu yokongola ndi kubweza, yomwe imasungidwa ndi makampani apadera, osati banki yanu. Odziwika m'mayiko ambiri ndi Experian, Equifax ndi TransUnion. "Malikisi a ngongole", omwe pa Chingerezi amati credit score, ndi nambala yomwe imawerengedwa kuchokera pa lipoti limenelo, ndipo obwereketsa amaiyang'ana asanakupatseni ngongole ya nyumba, ya galimoto kapena khadi lina.

1. Tsimikizirani kaye kuti ndi zoona, ndipo dziwani ngati khadi latsekedwa kapena langoimitsidwa

Ngati uthenga wabwera pa foni kapena pa imelo, musadine linki iliyonse. Akuba amadziwa kuti mawu oti "akaunti yanu yatsekedwa" amasokoneza mutu, ndipo amawagwiritsa ntchito pofuna kuti mulembe nambala yanu yachinsinsi pa tsamba labodza. Tembenuzani khadi, imbani nambala yomwe ili kumbuyo kwake.

Mukalumikizana nawo, funsani izi muli ndi cholembera m'manja. Kodi akaunti yatsekedwa kotheratu, kapena yangoimitsidwa poyembekezera kuti mutsimikize zina zake? Yatsekedwa tsiku liti? Kalata anatumiza ku adiresi iti? Maakaunti ena omwe muli nawo ku banki yomweyo akhudzidwa? Lembani tsiku, nthawi, dzina la amene mwalankhula naye ndi nambala ya dandaulo lanu.

Kusiyana kwa kutseka ndi kuimitsa n'kwakukulu. Khadi loimitsidwa nthawi zambiri limatsegulidwa mukangotumiza chiphaso chatsopano kapena kuvomereza kuti munagula ndinu. Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi cha munthu amene wapsa mtima n'kunena kuti, "Ndiye ingotsekani zonse!" Wapafoniyo amachitadi zomwezo, ndipo zomwe zikanakonzeka tsiku limodzi zimathera pomwepo. Kumbukiraninso kuti amene wayankha foniyo si amene anakutsekerani. Nthawi zambiri pa kompyuta yake pamangooneka mzere umodzi womwewo womwe uli m'kalata yanu. Mukamulankhula mwaulemu, akhoza kukuuzani nthambi yoyenera kulembera.

2. Pitirizani kulipira, ngakhale mtima ukukana

Khadi likatsekedwa, ngongole siitsekedwa. Zomwe munakongola zikadali pamutu panu, chiwongoladzanja chikupitirira kuwerengedwa, ndipo tsiku lolipira silinasinthe. Kawirikawiri banki imakulolani kubweza pang'onopang'ono monga kale, koma funsani kuti akutsimikizireni m'kalata.

Apa ndi pomwe anthu abwino amagwera m'dzenje. Wina amaleka kulipira mwadala kuti "nawonso amve kuwawa". Wina amangoiwala chifukwa khadi lasowa pa pulogalamu ya banki ya pafoni, kapena dongosolo loti ndalama zizichoka zokha mwezi uliwonse laima limodzi ndi khadi. Zotsatira zake n'zofanana. Ku America, mukachedwa ndi masiku 30 banki ikhoza kukanena ku makampani osunga mbiri, ndipo banga limenelo limakhala pa lipoti zaka 7. Ku UK limakhala zaka 6. Munalowa m'nkhaniyi muli ndi mbiri yoyera, musatulukemo ndi banga lodzipaka nokha.

Funsani njira yolipirira tsopano, ndipo mukalipira koyamba yang'anani kuti ndalama zafikadi. Mukamaliza ngongole yonse, musaleke kuyang'ana mwezi wotsatira: pamatsala kachiwongoladzanja ka masiku omwe anali pakati pa sitetimenti ndi tsiku lomwe munalipira, ndipo kakang'ono komweko kakapanda kulipidwa kamawerengedwa ngati kuchedwa.

3. Tolani zanu lero lomwe

Tsitsani masitetimenti onse omwe mungathe, osachepera a miyezi 12, musanatsekeredwe khomo lolowera pa intaneti. Muwafuna pa sitepe 4 ndi 5.

Ngati khadi linali ndi mapointi kapena ndalama zobwezeredwa pogula, funsani ngati mungazitengebe. Mabanki ena amapereka kanthawi, ena amafafaniza tsiku lomwelo, ndipo mgwirizano womwe munasaina nthawi zambiri umawalola kutero. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo: mapointi osunga zaka ndi a banki mpaka tsiku lomwe mwawagwiritsa ntchito. Ngati munalipira mopitirira, kapena sitolo ina ikubwezerani ndalama pa khadi lotsekedwalo, ndalama zimenezo ndi zanu. Ku America lamulo limati banki ibweze pasanathe masiku 7 ogwira ntchito mukapempha polemba kalata. Ngati munali mutangolipira kumene ndalama yapachaka ya khadi, pemphani kuti akubwezereni ya miyezi yotsala.

4. Samutsani zonse zomwe zinkadula zokha pa khadi

Tengani masitetimenti aja, mudutse mzere ndi mzere. Musangoyang'ana mwezi watha, chifukwa zina zimadula kamodzi pachaka, ndipo zimenezo ndi zomwe zimaiwalika. Yambani ndi inshuwalansi, chifukwa ikaduka mumadzazindikira tsiku la ngozi. Kenako foni, intaneti, malo osungira zithunzi ndi mafayilo, ndi zina zotero. Ngati pali matikiti a ndege kapena chipinda cha hotela chomwe munasungitsa ndi khadi limeneli, adziwitseni ndipo apatseni khadi lina. Ngati mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wanu ali ndi khadi lachiwiri la akaunti yomweyo, muuzeni lero, asakaone zomwe ndinaona ine pa kauntala.

5. Fufuzani chifukwa chenicheni

Malangizo ambiri amangoti "funsani banki chifukwa chake", ngati kuti banki iyankha. Nthawi zambiri siyankha, kapena imakupatsani mawu opanda mutu onga akuti "mogwirizana ndi ndondomeko zathu". Komabe simungadumphe sitepe imeneyi, chifukwa ngati simukudziwa chomwe chinatsekesa khadi loyamba, lachiwiri lidzatsekedwa ndi chomwecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye patulani madzulo amodzi athunthu.

Yambani ndi zomwe lamulo la dziko lomwe khadi linaperekedwa limakupatsani. Pafupifupi mgwirizano uliwonse wa khadi umalola banki kutseka akaunti nthawi yomwe yafuna, koma malamulo amasiyana pa nkhani ya kudziwitsa. Ku UK, Consumer Credit Act ya 1974 imati wobwereketsa apereke chidziwitso cha miyezi iwiri asanathetse mgwirizano wotere, ngakhale kuti akhoza kuimitsa khadi nthawi yomweyo ngati pali chifukwa chomveka, monga kukayikira chinyengo. Ku South Africa, National Credit Act ya 2005 imafuna kalata yofika masiku 10 ogwira ntchito khadi lisanatsekedwe. Ku America banki sikakamizidwa kukuchenjezani pasadakhale, koma pansi pa Equal Credit Opportunity Act ya 1974 iyenera kukulemberani pasanathe masiku 30 itatseka, n'kukuuzani zifukwa zenizeni kapena ufulu wanu wozifunsa. Pali mipata iwiri yomwe anthu sayidziwa: lamuloli siligwira ngati khadi latsekedwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, kapena ngati banki yatseka makhadi onse a mtundu umenewo nthawi imodzi. Choncho ngati muli ku America ndipo simunalandire kalata yotere, chimenecho pachokha chikukuuzani kanthu.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti anatsekeredwa chifukwa amalipira zonse mwezi uliwonse ndipo banki sipezapo chiwongoladzanja. Ine sindikhulupirira kuti ndicho chifukwa chofala. Banki imadyabe kagawo ka ndalama iliyonse yomwe mwagulira pa khadi, kuchokera kwa wogulitsa. Ku America lamulo limaletsanso kutseka akaunti pa chifukwa chokhacho choti mwini wake salipira chiwongoladzanja, koma limalola kutseka akaunti yopanda ngongole yomwe yakhala miyezi itatu yotsatizana osagwiritsidwa ntchito. Kasitomala amene banki imamuona ngati katundu wolemetsa ndi uja amene khadi lake lili m'dirowa. Limiti yosagwiritsidwa ntchito ndi lonjezo lomwe banki ikusungabe, ndipo ikhoza kudzatengedwa yonse tsiku limodzi mwini wake zikamuvuta. N'chifukwa chake chuma chikagwedezeka, monga mu 2008 ndi 2009 komanso mu 2020, mabanki amadula malimiti ndi kutseka makhadi ogona.

Chachiwiri, tengani lipoti lanu la ngongole ku makampani onse omwe amasunga mbiri m'dziko lanu, osati imodzi yokha, chifukwa zomwe zili kwa uyu mwina kwa uyo kulibe. Ku America mumalitenga ulere pa AnnualCreditReport.com, ku South Africa lamulo limakupatsani laulere kamodzi pachaka. Banki yanu siyang'ana mmene mumalipirira kwa iyo yokha. Imasuzumira lipoti lanu nthawi ndi nthawi, ndipo ikaona kuti mwatsegula makhadi angapo m'miyezi yochepa, ngongole zina zakwera, kapena mwaphonya kulipira kwina, imadziteteza. Yang'anani ngati muli akaunti yomwe simukuidziwa, adiresi yomwe simunakhaleko, kapena ngongole ya munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu. Ngati zilipo, mwina wina akukongola m'dzina lanu, ndipo vuto limenelo ndi lalikulu kuposa khadi. Lembani dandaulo ku kampani yosunga mbiriyo. Ku America amayenera kufufuza, kawirikawiri m'masiku 30.

Chachitatu ndiye chovuta, chifukwa chimafuna kudziuza zoona. Yalani masitetimenti aja patebulo n'kuwawerenga ngati kuti ndi a munthu yemwe simukumudziwa. Amene anayamba kukukayikirani si munthu wodziwa kuti munali ndi odwala kapena munkasamuka. Ndi kompyuta yomwe imangoona manambala n'kuwayerekeza ndi a anthu omwe anathawitsapo banki ndalama. Dzifunseni:

Kodi khadi lomwe linali phee kwa miyezi linadzidzimuka n'kufika pafupi ndi limiti m'masiku ochepa? Umu ndi mmene amachitira akuba omwe amamanga mbiri yabwino kwa nthawi, n'kudzaza makhadi onse kamodzi n'kusowa. Kodi munkadzaza limiti, kulipira, kudzazanso, kangapo m'mwezi umodzi, moti zomwe munagula zinaposa limiti kawiri kapena katatu? Kwa inu ndi kulipira msanga, koma kwa banki zikuoneka ngati mukudutsitsa ndalama zoposa zomwe munanena kuti mumapeza. Kodi pali malipiro omwe anabwerera chifukwa m'akaunti yotumizira munalibe ndalama zokwanira, ngakhale munakonza mawa lake? Kodi anthu ena akhala akulipira khadi lanu kuchokera m'maakaunti awo? Kodi mumagulira katundu wa bizinesi pa khadi lomwe si la bizinesi? Kodi mumatapa ndalama pa makina pafupipafupi, kapena pali malipiro opita ku njuga ndi kogula ndalama za pa intaneti? Kodi mwakanapo zogula zambiri n'kupempha banki kuti ikubwezereni? Kodi munasamukira dziko lina khadi likadali la dziko lakale?

Ndipo funso lomwe linandigwira ine: kodi pali kalata kapena imelo yopempha kuti mutumize chiphaso chatsopano kapena umboni wa komwe mukukhala, yomwe simunayankhe? Nditafufuza, ndinapeza kuti makalata awiri anapita ku nyumba yomwe ndinali nditasamukamo, ndipo imelo inagwera m'bokosi la zinyalala. Mabanki amakakamizidwa ndi malamulo olimbana ndi kubisa ndalama zakuba kuti azidziwa makasitomala awo ndi kukonzanso zikalata zawo. Malamulo amenewa amatsatira miyezo ya bungwe la Financial Action Task Force, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1989. Kasitomala wosayankha amatsekeredwa, kaya amalipira bwino chotani.

Muyeneranso kudziwa kuti nthawi zina banki imakhala chete chifukwa lamulo laimanga pakamwa. Ikakayikira kayendedwe ka ndalama n'kukanena ku boma, imaletsedwa kukuuzani kuti yatero. Ku UK zili mu Proceeds of Crime Act ya 2002, ku America zili pansi pa Bank Secrecy Act. Sizitanthauza kuti mwapalamula, ndipo anthu ambiri osalakwa amakodwa mu ukonde umenewu. Zizindikiro zake n'zakuti maakaunti anu onse ku banki imeneyo atsekedwa nthawi imodzi, aliyense amene mwamufunsa akubwereza chiganizo chimodzimodzi, ndipo akukuuzani kuti chigamulocho sichingasinthidwe. Zikatere musataye miyezi mukugogoda khomo limenelo. Ikani mphamvu zanu pa kutsegula akaunti kwina malipiro anu a mwezi asanasowe kofikira, ndipo sungani mapepala osonyeza komwe ndalama zanu zimachokera.

M'mayiko omwe ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu muli njira inanso: kupempha kuti banki ikupatseni zonse zomwe inalemba zokhudza inu. Ku UK ndi m'mayiko a European Union amayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi, ndipo simulipira. Ndi njira imeneyi yomwe wandale wa ku UK Nigel Farage anagwiritsa ntchito mu 2023 banki ya Coutts itatseka maakaunti ake. Analandira chikalata cha masamba 40, ndipo nkhaniyo inafika poti Alison Rose, mkulu wa NatWest (banki yomwe ndi mwini wa Coutts), anatula pansi udindo mu Julayi chaka chomwecho. Sadzakuonetsani zomwe lamulo lawaletsa kuulula, koma zolakwika wamba, monga kukusokonezani ndi munthu wina, zimatulukira mwanjira imeneyi.

Pomaliza, mwina nkhani si inu n'komwe. Mabanki amathetsa mitundu ya makhadi, amasiyana ndi masitolo omwe ankagwira nawo ntchito, amachoka m'mayiko. Mu 2021 Citigroup inalengeza kuti ikusiya kutumikira makasitomala wamba m'mayiko 13. Zikakhala zotere, palibe choti mukonze pa khalidwe lanu, pitani pa sitepe 6.

6. Werengerani zomwe zachitikira malikisi anu

Pa malikisi a FICO, njira yowerengera yofala ku America, omwe amayambira 300 kulekeza 850, magawo 35 pa 100 amachokera pa kulipira pa nthawi yake, magawo 30 pa kuchuluka kwa ngongole, ndipo magawo 15 pa kutalika kwa mbiri. Njira zowerengera m'mayiko ena zimasiyana, koma maganizo ake ndi ofanana.

Anthu amaopa kuti zaka zonse zomwe anakhala ndi khadi zafafanizika. Ayi. Akaunti yotsekedwa ili bwino imakhalabe pa lipoti, ku America mpaka zaka 10, ndipo mawu oti "yatsekedwa ndi wobwereketsa" pawokha sachotsa malikisi a FICO. Chomwe chimasintha nthawi yomweyo ndi gawo la limiti lomwe mukugwiritsa ntchito. Tiyerekeze ndi manambala wamba, a ndalama ya dziko lililonse. Munali ndi makhadi awiri, lina la limiti ya 8,000, lina la 2,000, ndipo ngongole yanu yonse ndi 1,500 pa khadi laling'onolo. Pamodzi, 1,500 pa 10,000 ndi magawo 15 pa 100. Banki ikatseka khadi lalikulu, 1,500 yomweyo ili pa 2,000, ndiye magawo 75 pa 100. Simunagule kanthu, koma pa pepala mukuoneka ngati munthu amene madzi afika m'khosi.

Choopsa n'chakuti mabanki ena aja nawonso akusuzumira lipoti lanu. Akaona 75 akhoza kudula limiti yawo, nambala n'kukweranso, wina n'kutsatira. Dulani unyolo umenewu msanga. Ndalama iliyonse yomwe mungapatule mwezi uno ipite ku makhadi otsala, ndipo lipirani tsiku lotseka sitetimenti lisanafike, osati tsiku lomaliza kulipira, chifukwa nambala yomwe imatumizidwa ku lipoti nthawi zambiri ndi ya pa sitetimenti. Alangizi ambiri amati musapitirire magawo 30 pa 100, koma kutsika kuposa pamenepo n'kwabwino koposa. Chotonthoza n'chakuti pa njira zambiri zowerengera, gawo limeneli silisunga chakukhosi: ngongole ikatsika, malikisi amakwera mwezi wotsatira. Ngati mukukonzekera kupempha ngongole ya nyumba posachedwa, konzani izi kaye musanapereke fomu.

7. Pemphani kuti aunikenso, ndipo lembani kalata

Fulumirani, chifukwa mabanki omwe amatsegulanso akaunti amatero m'kanthawi kochepa itatsekedwa. Musanavomere chilichonse, funsani ngati akutsegula akaunti yakale yomweyo kapena akukulembetsani ngati kasitomala watsopano. Yachiwiriyi imabwera ndi kufufuzidwa kwatsopano pa lipoti lanu, ndipo zaka zanu zija siziwerengedwa pa khadi latsopanolo.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi. Tchulani manambala anayi omaliza a khadi, zaka zomwe mwakhala nalo, ndi kuti simunaphonyepo. Kenako fotokozani chomwe munapeza pa sitepe 5, ndi umboni wake: lisiti la chipatala, mgwirizano wa lendi ya nyumba yatsopano, chiphaso chatsopano. Malizani ndi pempho limodzi lomveka. Musalembe mbiri ya moyo wanu wonse, musaopseze, ndipo musaname za ndalama zomwe mumapeza, chifukwa bodza pa fomu ya ngongole ndi mlandu.

Ngati sanatsate lamulo la chidziwitso, akukana kubweza ndalama zanu, alemba zabodza pa lipoti, kapena mukukhulupirira kuti akusalani chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena komwe munachokera, perekani dandaulo ku banki komweko, kenako kwa woyang'anira mabanki. Ku UK banki ili ndi milungu 8 yoti iyankhe, ndipo muli ndi miyezi 6 kuchokera pa yankho lomaliza yoti mupite ku Financial Ombudsman Service, kwaulere. Ku America madandaulo amapita ku Consumer Financial Protection Bureau, yomwe inayamba ntchito mu 2011. M'mayiko ambiri banki yaikulu ya dziko ili ndi ofesi ya madandaulo otere. Ndikuuzeni mosabisa kuti mabungwe amenewa kawirikawiri sakakamiza banki kupitiriza kubwereketsa munthu amene sikumufuna. Amathandiza pa ndalama zanu, pa mbiri yanu, ndi pa chipepeso ngati ndondomeko inaphwanyidwa.

8. Musathamangire kupempha makhadi atsopano

Munthu wotsekeredwa khadi amafuna kutsimikiza kuti akadali wodalirika, ndiye amapempha makhadi atatu kapena anayi usiku umodzi. Pempho lililonse limasiya chidindo pa lipoti, ku America kwa zaka 2, ndipo mapempho ambiri nthawi imodzi amafanana ndendende ndi khalidwe la munthu amene zamuthina. Dikirani mpaka mwadziwa chifukwa, mwakonza zolakwika pa lipoti, ndipo ngongole yatsika. Kenako pemphani limodzi, ku banki ina yosiyana ndi yomwe ili ndi makhadi anu otsala, kuti tsiku lina chigamulo cha banki imodzi chisadzakusiyeni manja lende. Ngati banki ili ndi njira yoonera ngati mungavomerezedwe popanda kusiya chidindo, yambani ndi imeneyo.

Makhadi otsalawo asagone m'dirowa. Ikani kamalipiro kamodzi kakang'ono ka mwezi ndi mwezi pa khadi lililonse, ndipo konzani kuti ndalama zizichoka zokha kukalipira. Konzani adiresi, nambala ya foni ndi imelo ku banki iliyonse, tsegulani makalata awo tsiku lomwe afika, ndipo mukafuna kugula chinthu chachikulu mosiyana ndi chizolowezi chanu, adziwitseni pasadakhale. Poyenda ulendo, nyamulani makhadi awiri a mabanki osiyana.

Khadi lotsekedwalo musalitaye msanga, chifukwa nambala yake muifuna polemba makalata. Mukalandira sitetimenti yosonyeza 0 ndi kalata yotsimikiza kuti palibe chotsala, liduleniduleni ndi sizasi, kudutsitsa pa kachitsulo kali pa khadipo, ndipo kalatayo muisunge. Pakatha miyezi iwiri tenganinso lipoti lanu, muone kuti akauntiyo yalembedwa kuti yatsekedwa, ngongole ndi 0, ndipo palibe mwezi womwe aulemba kuti munachedwa. Ngati alemba molakwika, kalata mwasungayo ndiyo muitumize limodzi ndi dandaulo lanu.